Mlandu wa Mphaka ndi Mbalame za pa Bwalo

Ku maiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Australia kuli mlandu umene wakhala ukudanitsa anthu oyandikana nyumba kwa zaka zambiri tsopano, ndipo mlanduwo ngwa mphaka. Wina ali ndi mphaka amene amamkonda, amamdyetsa m'mbale yakeyake, ndipo kukacha amamtsekulira chitseko kuti akayende kumene afuna. Mnzake wa kuseri kwa mpanda adabzala maluwa ndi timitengo, adapachika kabokosi ka mbeu pa nthambi, adaika mbale ya madzi pa mwala, ndipo chimwemwe chake cha m'mawa nkukhala pa zenera kumapenya timbalame tikudya, tikusamba, tikulimbirana malo. Tsiku lina apeza nthenga zokhazokha pansi pa mtengo. Apita kwa mnansi uja kukadandaula, ndipo yankho limene alandira nlakuti mphaka ngwosaka chibadwire, adalengedwa chotero, nanga munthu angamletse bwanji?

Wowerenga wa ku mudzi, amene amasunga mphaka chifukwa cha makoswe a m'nkhokwe, angathe kuseka nanena kuti umenewu ndi mlandu wa anthu okhuta. Kusekako nkomveka. Koma pansi pa mkangano umenewu pagona funso lakale, limene akuluakulu a pa bwalo la mfumu amalidziwa bwino: chiweto chikaononga, wopalamula ndani? Ndipo chikaononga chinthu chopanda mwini woti akadandaule, kodi mlandu ulipo, kapena wathera pomwepo?

Asanazengedwe munthu, mphaka ayenera kumasulidwa, pakuti iye alibe tchimo. Aphunzitsi a Eklezia, pamodzi ndi Thomas Aquinas Woyera, adaphunzitsa kuti tchimo limafuna nzeru zozindikira chabwino ndi choipa, ndiponso ufulu wosankha. Nyama iribe ziwirizi, imangotsata chibadwa chake monga madzi atsata chigwa. Kholo la mphaka wa m'nyumba ndi vumbwe, wa mtundu womwe uja umene umatha nkhuku usiku, makamaka vumbwe wa kumpoto kwa Africa ndi maiko oyandikana nako. Anthu atayamba kulima ndi kusunga dzinthu, makoswe adalondola dzinthuzo, vumbwe adalondola makoswe, ndipo anthu ataona kuti mlendoyu akuwagwirira ntchito, adamleka kuti akhale. Ndiye kuti ubwenzi wa munthu ndi mphaka udamangidwa pa zikhadabo zomwezo zimene ena akuzidandaula lero. Munthu sangathokoze mphaka usiku chifukwa wapha khoswe, namtemberera m'mawa chifukwa wapha mpheta, ngati kuti mphakayo adawerengapo lamulo losiyanitsa ziwirizi. Ndipo iwo amene amagenda amphaka ndi miyala powaganizira za ufiti akulakwa kawiri, popeza akuzunza cholengedwa chosalakwa, akulerabe ndi mantha amene adayenera kuwataya pa ubatizo.

Komabe mau aja akuti mphaka ngwosaka chibadwire ali ndi mng'alu, ndipo mng'aluwo umaoneka munthu akayerekeza vumbwe wa m'thengo ndi pusi wa m'tauni. Vumbwe amayenda yekha m'dera lalikulu. Mbewa ndi mbalame zikachepa, iye amaonda, ana ake amafa, ena amasamuka, ndipo mbalame zimapeza mpata wochulukanso. Njala ndiyo imasunga muyeso pakati pa wodya ndi wodyedwa. Mphaka wa m'tauni njala saidziwa. Mbale yake imadzazidwa m'mawa ndi madzulo, akadwala amapita naye kwa dokotala wa ziweto, mvula ikagwa amagona pa mpando wofewa. Mbalame zithe, zisathe, iye ngwonenepa ndi wamphamvu, ndipo anzake ali khomo ndi khomo, kotero kuti m'mizinda ina ya ku Britain, malo amene akadakwanira vumbwe mmodzi muli amphaka mazanamazana. Kukhuta sikumletsa kusaka, pakuti mwa mphaka chilakolako cha kugwira kanthu koyenda nchosiyana ndi njala ya m'mimba; angathe kusiya mbale yodzaza kuti athamangire kabuluzi. Tsono chimene chimatuluka pa khomo m'mawa muja si chilengedwe chokha ai. Ndi mlenje amene munthu wamdyetsa, wamchiritsa, wamchulukitsa, kenaka nkumtumiza kwa tinyama timene tiribe wotidyetsa kapena wotichiritsa.

Kukula kwa chionongekocho kudayesedwa. M'chaka cha 2013 akatswiri atatu a ku United States, Scott Loss, Tom Will ndi Peter Marra, adasonkhanitsa zimene ofufuza ambiri adapeza, nawerengera kuti amphaka oyenda mosaletsedwa m'dzikolo amapha mbalame pakati pa 1.3 biliyoni ndi 4 biliyoni pa chaka, ndiponso tinyama ta ubweya monga mbewa, akalulu ndi agologolo, pakati pa 6.3 biliyoni ndi 22.3 biliyoni. Kutalikirana kwa manambalawa kukusonyeza kuti palibe adawerenga mitembo umodziumodzi, ndipo eni akewo sadabise zimenezo. Adanenanso kuti mbali yaikulu, ngati magawo awiri mwa atatu a mbalamezo, imaphedwa ndi amphaka opanda mwini. Eni amphaka ena atamva mau otsirizawa adapuma, poyesa kuti mlandu wawachoka. Koma mphaka wopanda mwini sadagwe ndi mvula: iye, kapena mai wake, kapena gogo wake adatuluka m'nyumba ya munthu wina, amene adasamuka namsiya, kapena adanyamula ana ake m'thumba nakawataya kuseri kwa msika.

Palinso chodzikhululukira china chimene chimamveka kawirikawiri, chakuti wanga sagwira kanthu, akadagwira ndikadaona. Ofufuza a pa yunivesite ya Georgia adamangirira timakamera ting'onoting'ono m'khosi mwa amphaka 55 a mu mzinda wa Athens m'chigawo chomwecho, kuti aone zimene amachita akatuluka. Nzoona kuti si onse adasaka. Amene adaoneka akusaka sadakwane theka. Koma pa zinthu 100 zirizonse zimene osakawo adagwira, zimene adabwera nazo ku nyumba zidali 23 zokha. Zokwana 28 adadyera komweko, ndipo 49 adangozisiya pamene adaziphera. Mbalame zidali zochepa pakati pa zogwidwazo. Zambiri zidali abuluzi, mbewa ndi tizilombo tina timene palibe amene amatilira. Chotero nthenga zimene mwini amapeza pa khonde ndi kachigawo chabe ka ntchito ya tsikulo.

Pali malo amodzi pamene nkhaniyi idaoneka poyera kuyambira pa chiyambi mpaka pa mapeto. Chilumba cha Marion, chimene chiri m'manja mwa South Africa, chiri pakati pa nyanja yozizira, pafupifupi makilomita 2,000 kumwera chakuvuma kwa Cape Town. Kulibe midzi kumeneko, kulibe mitengo. Kuli mphepo, mvula, ndi mbalame za m'nyanja zosawerengeka, zambiri mwa izo zokumba una pansi nkuikiramo dzira limodzi lokha pa nyengo. Anthu oyeza za nyengo amene adatumizidwa kukakhala kumeneko adasautsidwa ndi timakoswe ta m'nyumba, timene tidafika kale ndi zombo, ndipo m'chaka cha 1949 adabweretsa amphaka asanu. Maganizo ao adali abwino, omwe aja a mlimi aliyense wofuna kuteteza chakudya chake. Koma amphakawo adaswana, ana ao adabalalikira m'zigwa ndi m'mapiri, ndipo adapeza kuti mbalame yogona mu una, imene sidaonepo mdani wa miyendo inai, njosavuta kugwira ndipo njonona kuposa kakhoswe. Pofika 1975 amphaka adali oposa 2,000, ndipo ofufuza adawerengera kuti m'chaka chimodzi adadya mbalame pafupifupi 450,000. Mtundu wina wa timbalame tomira m'madzi udaleka kuswana pa chilumbapo.

Kukonza cholakwacho kudali kowawa kopambana. M'chaka cha 1977 adalowetsa dala matenda opha amphaka pa chilumbapo. Pambuyo pake adatumiza anthu a mfuti kukasaka usiku ndi nyali, natchera misampha, naika chiphe, ndipo amphaka otsiriza adaphedwa mu 1991. Amphaka zikwi zingapo adafa imfa yoipa chifukwa cha asanu aja amene adaloledwa kuswana ndi kuyenda mosaletsedwa. Ndipo timakoswe tija, timene tidali chiyambi cha zonse, tidatsala. Kuyambira 2003 anthu akhala akuona tikudya ana a mbalame zikuluzikulu za m'nyanja ali amoyo pa chisa. Pa nkhani yonseyi palibe nyama imene idachimwa, ndipo palibe munthu amene adali ndi mtima woipa. Padangosowa woti afunse kuti chiweto chikatuluka pa khomo chikachita chiyani.

Chilungamo chifuna kuti mbali inayo imvekenso. Bwalo la nyumba ya ku London si chilumba cha Marion. Mbalame za ku England zakhala pamodzi ndi amphaka zaka mazana ambiri, ndipo zimadziwa kuthawa. Bungwe lalikulu loteteza mbalame m'dzikolo, la RSPB, lidakhala likunena kwa zaka zambiri kuti palibe umboni womveka wakuti amphaka ndiwo akuchepetsa mbalame m'dziko lonselo, popeza timbalame tambiri timene mphaka amagwira ndi tofooka, timene tikadafabe ndi njala kapena chisanu. Kambalame kamaswa ana ambiri, ndipo ochepa okha ndiwo amafika chaka chachiwiri, mphaka alipo kapena palibe. Ndiponso adani aakulu a mbalame ndi nkhwangwa, moto, mankhwala a m'minda, ndi miseu ndi nyumba zimene zikudya nkhalango ndi madambo. Ngakhale zenera lomwe lija lopenyerapo mbalame liri ndi mlandu wake: Scott Loss yemweyo ndi anzake adawerengera mu 2014 kuti mbalame pakati pa 365 miliyoni ndi 988 miliyoni zimafa chaka ndi chaka ku United States poomba magalasi a nyumba, poyesa kuti mitengo yooneka m'galasimo njeniyeni. Wodana ndi mphaka wa mnzake ayambe wayang'ana zenera lake.

Zonsezi nzoona, koma zikuyankha funso lina, lakuti kodi mtundu wa mbalame utha kapena sutha. Funso la mnansi uja lidali laling'ono, koma lakuthwa: kodi imfa iyi, pansi pa mtengo uwu, idali yofunika? Kambuku akapha gwape, wapha kuti akhale ndi moyo. Mai akapha nkhuku, wapha kuti ana adye. Koma kambalame kamene kafa m'kamwa mwa mphaka wokhuta sikadyetsa aliyense. Kafera kuti mwini mphaka asavutike ndi kulira kwa pa chitseko. Ndipo kunena kuti nkhwangwa ikupha zambiri sikumasula munthu pa zimene ziri m'manja mwake. Nkhalango ya dziko lonse iye sangaitchinjirize yekha, koma chitseko cha nyumba yake amachitsekula ndiye.

Malamulo a Mose, m'buku la Eksodo mutu 21, adaweruza kale mlandu wofanana nao pokamba za ng'ombe yogunda. Ng'ombe ikapha inzake mwadzidzidzi, eni awiriwo amagawana chitayikocho. Koma ngati zidali zodziwika kuti ng'ombeyo njogunda, mwini wake osaitsekera, ndiye kuti alipire yekha. Ng'ombe njomweyo, nyanga nzomwezo. Chasintha nchakuti mwini adadziwa. Midzi ya kuno imaweruza chimodzimodzi mbuzi ikalowa m'munda wa munthu nthawi ya dzinja: palibe mfumu imene imafunsa mbuzi, ndipo palibe mwini mbuzi angapulumuke ponena kuti mbuzi imadya mmera chibadwire. Amamuyankha kuti nchifukwa chaketu idayenera kumangidwa. Anthu akale amene adasunga amphaka osadziwa kuchuluka kwa zimene amapha alibe mlandu. Koma wa lero wauzidwa, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Chovuta nchakuti mmera uli ndi mwini, pamene pumbwa alibe. Ndani angapite ku bwalo kukaimira buluzi? Apa nchothandiza kuona pamene Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, adaika chiphunzitso cha za nyama. Sadachiike pa lamulo loletsa kupha, monga ambiri angayembekezere, koma pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, pa ndime 2415 mpaka 2418. Tanthauzo lake nlakuti zolengedwa zidaperekedwa kwa anthu onse pamodzi, akale, alero ndi amene sanabadwe, ndipo ulamuliro wa munthu pa izo uli ndi malire. Ndiye kuti mbalame ya pa bwalo si yopanda mwini. Eni ake ngochuluka kotero kuti palibe mmodzi angaitche yake. Nja nkhalamba ya kuseri kwa mpanda imene miyendo idaikana, imene dziko lake lonse tsopano ndi zimene zimaoneka pa zenera. Nja mwana amene sanaphunzirebe kusiyanitsa kulira kwa mbalame ina ndi inzake. Woipha popanda chifukwa watenga gawo la anthu amenewa, ngakhale iwo sadzabwera kudzalonjerera.

Ndipo pali munthu mmodzi amene mlandu wake ngwolemera kuposa wa ena onse, ngakhale kawirikawiri ndiye amadziyesa wokonda nyama koposa: amene amathira mbeu pa bwalo kuti mbalame zibwere, nkumasiyanso mphaka wake kuti azibisala m'maluwa a pafupi pomwepo. Mnyamata wotchera ulimbo amadziwa kuti akutchera. Uyu waitana alendo ku chakudya, wakhazika wachifwamba kuseri kwa chitseko, mtima wake uli mbee.

Tsono kodi yankho nkungotseka chitseko basi? Zikadakhala choncho mlanduwu ukadatha msanga. Koma mphaka naye ndi cholengedwa, ndipo ndime zomwe zija za Katekisimu zimanena kuti kuzunza nyama popanda chifukwa kumanyozetsa ulemu wa munthu mwini wake. Nzoona kuti mphaka wa m'nyumba amapulumuka ku galimoto, kwa agalu, ku mankhwala a makoswe, ndi ku matenda otengera pomenyana ndi anzake. Koma nyama imene thupi lake lonse lidapangidwira kunyang'ama, kudumpha ndi kukwera, ikatsekeredwa m'chipinda chopanda kanthu, eni ake atapita ku ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, imanenepa moipa, imadzinyambita mpaka ubweya kusosoka, imakodza paliponse, ndipo ina imangokhala duu ngati namfedwa. Ena, pofuna kuteteza mipando yao, adafika pomachotsetsa zikhadabo za mphaka kwa dokotala, kumene kuli kudula fupa lotsiriza la chala chirichonse. Chigawo cha New York chidaletsa mchitidwe umenewu mu 2019, ndipo maiko ambiri a ku Ulaya adauletsa kale. Wopulumutsa mpheta pozunza mphaka wangosamutsa nkhanza, waichotsa pa bwalo waiika m'nyumba.

Apa ndipo pagona nkhani. Munthu amene watenga mphaka wadzisenzetsa ngongole ziwiri, ina kwa mbalame, ina kwa mphakayo, ndipo njira ziwiri zosavuta zija zonse ndi za kubweza ngongole ndi chuma cha wina. Wotsekula chitseko akusangalatsa mphaka, mbalame nkumalipira. Wotseka nkuchokapo akusunga mbalame, mphaka nkumalipira. Palibe mwa awiriwa amene wapisa dzanja m'thumba mwake. Njira yachitatu ndiyo yokhayo imene mwini amalipira yekha, ndipo malipiro ake ndi nthawi ndi khama.

Mtengo wake si waukulu monga ena aopera. Ofufuza a pa yunivesite ya Exeter ku England adayesa njira zingapo pa amphaka 355 kwa milungu 12, nafalitsa zimene adapeza mu 2021. Belu la m'khosi, limene ambiri amalikhulupirira, silidasinthe kanthu kooneka. Mwina mphaka amaphunzira kuyenda nalo mosaliza. Kansalu ka mawanga owala kovala m'khosi kadachepetsa mbalame zobwera nazo ku nyumba ndi 42 pa 100 zirizonse, popeza mbalame zimaona mitundu msanga, koma mbewa sikadazithandize. Chakudya cha nyama yambiri chidachepetsa zogwidwa zonse ndi 36 pa 100. Ndipo kusewera ndi mphaka mphindi 5 kapena 10 zokha pa tsiku, munthu kumkokera nthenga yomanga ku chingwe kuti ainyang'amire, aidumphire, aigwire, kudachepetsa ndi 25 pa 100. Nambala yotsirizayi iyenera kusinkhidwa bwino. Mbali ina ya zimene mphaka amakafuna ku tchire ndi chinthu chimene mwini wake akadatha kumpatsa pa mkeka, akadalola kutaya mphindi khumi. Ena amatchinga khonde ndi waya wa nkhuku kuti mphaka aziothera dzuwa ndi kununkhiza mphepo osafika pa chisa. Ena amamkhomera matabwa okwerapo ndi kumuikira chipika chonolerapo zikhadabo. Ena, amene mphaka wao adakalamba akuyenda ndipo sangazolowerenso, amangomsunga m'nyumba kuyambira chisisira mpaka dzuwa litakwera, ndiponso m'miyezi imene ana a mbalame amatsika m'zisa asanadziwe kuuluka. Njirazi sizilingana mphamvu, koma zonse zimachokera m'thumba la mwini.

Kumene anthu alephera kudziletsa okha, boma lalowererapo. Ku Canberra, likulu la Australia, dziko limene tinyama take sitidaonepo mphaka mpaka Azungu adafika, mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 July 2022 ayenera kusungidwa pa khomo la mwini wake usana ndi usiku. Ku Walldorf, tauni yaing'ono ya ku Germany, akuluakulu a boma adalamula mu 2022 kuti amphaka a mbali ya kumwera kwa tauniyo asatuluke mpaka kutha kwa August, ndipo wophwanya lamulo alipire ma euro 500, kapena kufikira 50,000 ngati mphaka wake wapha mbalame imene ankaiteteza. Eni amphaka adakwiya kwambiri, ndipo ena mwa oteteza ziweto adali ku mbali yao. Mbalameyo ndi kanthu kotuwa, kosakongola, ka tsumba pa mutu, kamene kamaikira mazira pa nthaka poyera, ndipo pa malopo padatsala mabanja owerengeka pa zala. Nkovuta kumvetsa kuti tauni ingavutike chotero chifukwa cha kambalame kotere. Komabe mabuku akale osimba moyo wa Francis Woyera wa ku Assisi amanena kuti mbalame ya mtundu umenewu ndiyo adaikonda koposa, popeza tsumba lake lidamkumbutsa chipewa cha mkanjo wa amonke, ndipo nthenga zake zidali za maonekedwe a dothi. Amanenanso kuti adalakalaka kupempha mfumu yaikulu kuti iletse kuzipha, ndi kuti pa Khirisimasi anthu azimwaza dzinthu m'miseu kuti mbalame nazo zidye. Malamulo a boma otere ali ndi zovuta zao, ndipo lamulo lokakamiza silisintha mtima. Koma amene amati kusamala za kambalame kotuwa ndi nthenda ya anthu okhuta a masiku ano, akumbuke kuti Francis adali mmphawi, ndipo adamwalira mu 1226.

Nanga mphaka wa ku nkhokwe uja? Iye ali pa ntchito, ndipo ntchito yake ndi chakudya cha ana. Banja limene chimanga chake chiyenera kufika mwezi wa February silingauzidwe kuti litsekere mphaka usiku, nthawi yomwe makoswe amayenda, pofuna kupulumutsa mpheta. Katekisimu yemweyo amachenjeza kuti si bwino kutayira pa nyama chuma chimene chidayenera kuyamba chathandiza anthu osauka, kapena kuzipatsa chikondi chimene chiyenera anthu okha. Mphaka wotere amafanana ndi vumbwe kuposa pusi wa ku London: amadya zimene wagwira ndi mkute wa nsima, ndipo njala imamsunga pa muyeso. Koma pa mfundo imodzi chiweruzo chija chimfika nayenso mwini wake. Mphaka akaswa ana asanu pa khomo pofunika mmodzi, kuwanyamula m'dengu nkukawasiya ku dambo si chifundo. Ambiri adzafa ndi njala, ndipo opulumukawo adzasanduka amphaka a m'tchire, odya zinziri ndi anapiye a anansi. Ndiponso m'mizinda monga Lilongwe ndi Blantyre muli kale nyumba za mipanda zimene mphaka wake sadaonepo nkhokwe, amadya za m'sitolo, ndipo amasaka m'maluwa pongotaya nthawi. Kwa eni nyumba zotere mlandu wa ku Ulaya uja wafika kale pa khomo.

Chatsala nkufunsa chimene munthu uja wa pa zenera amapezapo, chimene chimamkanganitsa ndi mnansi wake chifukwa cha nthenga zingapo. Ku Britain, kuyambira 1979, bungwe lija la RSPB limapempha anthu kumapeto kwa January kuti akhale ola limodzi akupenya pa bwalo lao ndi kulemba mbalame zimene zatera; m'zaka zapitazi anthu oposa theka la miliyoni akhala akuchita zimenezi, ndipo zolemba zao zasonyeza kuti mpheta za pa nyumba, zimene aliyense ankaziyesa zosatha, zachepa kwambiri. Ola limodzi lokhala chete nlalitali kwa munthu wosazolowera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphindi zoyamba saona kanthu. Kenaka amazindikira kuti pa bwalo limene ankaliyesa lake pali eni ena, aliyense ndi njira yake ndi nthawi yake: uyu amabwera yekha, awa amabwera gulu, uyu amathamangitsa anzake pa madzi, uyo amadikira onse achoke.

Chisangalalo chimenechi nchosiyana ndi cha kuweta. Chiweto chimabwera chifukwa chimadziwa mbale. Munthu amachitcha dzina, amachinyamula, amati nchake. Mbalame ya m'thengo iribe ngongole kwa munthu. Imatera pamene yafuna, imauluka osatsazika, ndipo munthu akatambasula dzanja kuti aigwire, chimene ankakondwera nacho chatha pomwepo. Anthu ambiri sadziwa kukondwera ndi chinthu osafuna kuchitenga: mwana akaona gulugufe amamthamangira, mnyamata akaona njiwa dzanja lafika kale ku legeni, ndipo wamkulu akaona dambo lokongola amayamba kuwerengera ndalama zimene lingagulidwe.

M'nyumba zimene mphaka amasungidwa mkati, malo amene amawakonda koposa ndi pa zenera lomwe lija. Amakhala pamenepo nthawi yaitali, nsonga ya mchira ikugwedezeka pang'onopang'ono, ndipo mbalame ikatera pafupi, chibwano chake chimanjenjemera, mano nkumagundana. Iye akuona ndiwo, ndipo sangaone china. Munthu wokhala pambali pake akuona kambalame komweko. Naye makolo ake adali alenje, naye amadziwa kukoma kwa mbalame yootcha, koma iye yekha mwa awiriwa angathe kukapenya, kukayamikira, nakaleka kapite. Kambalame kakamwa madzi nkuuluka, mphaka amatsika pa zenera napita ku chitseko kukalira. Pamenepo mwini nyumba amaika kapu yake pansi, natenga chingwe chija cha nthenga.